Migula ikugumuka pa munda wotsetsereka

Wakuphiri: Akuluakulu, munda wanga ndi wotsetsereka ndipo migula yadothi ikumagumuka mvula ikagwa yambiri. Kodi ndikulakwitsa pati?

Mlangizi: Kawirikawiri vuto ndi muyeso. Mgula ukapendekeka pang'ono, madzi onse amathamangira mbali imodzi n'kubowola pomwepo. Yezani ndi A-felemu (mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo A, yoyezera kuti mgula usapendekeke), khomani zikhomo, ndipo yambirani kumtunda kutsikira kumunsi. Kumbani ngalande yakuya masentimita 60, dothilo muziponya kumtunda kwake. Musaliunjike lonse kamodzi: thirani masentimita 15, tsenderani likadali lachinyezi, kenako onjezerani.

Mayi a dimba: Dothi lokha silingalimbe, bambo. Bzalani udzu wa vetiva pa mgulawo mvula ikakhazikika. Dulani masamba atsale masentimita 20, mizu masentimita 10, ndipo phando lililonse likhale ndi ziphukira zitatu, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mukatalikitsa, madzi amadutsa m'mipatamo n'kuyambitsa chigwembe. Zouma muzibwezeretsa msanga.

Wakuphiri: Nanga nsenjere?

Mlangizi: Imagwira dothi, ziweto n'kudyanso, koma imalanda chinyezi cha mbewu zoyandikana nayo. Vetiva salanda chinyezi chotero chifukwa mizu yake imapita pansi molunjika.