Zaka zitatu ndikupempha malilime, kodi Mzimu Woyera ndilibe?

Membala wobisa dzina: Abale mwa Ambuye, ndithandizeni. Zaka zitatu tsopano ndikupita ku mapemphero ochezera, anzanga akuyankhula malilime, ena kugwa pansi, ine chiimire. Mlamu wanga analandira sabata yoyamba yomwe, pano akuti ndili ndi tchimo lobisika, komatu ndi yemweyo akukana kundibwezera K15,000 yanga. Kukwaya anandichotsanso pamzere wakutsogolo osandiuza chifukwa. Wina wati ndigule mafuta odzozera. Tulo sindikupeza.

Mlaliki wa ku Ndirande: Achemwali, TSEGULANI MACHITIDWE! Pa 2:4 ophunzira a Yesu anadzazidwa ndi Mzimu Woyera nayankhula malilime. Pa 10:44-46, kwa Korneliyo, chimodzimodzi. Pa 19:6-7 ku Efeso, amuna ngati 12, Paulo atawasanjika manja, malilime. Lapani, mukhululukireni mlamu wanuyo, pemphani monga Luka 11:13, akulu akusanjikeni manja. Ambiri amalakwa apa: amatseka pakamwa kudikira kuti Mzimu awagwedeze lilime. Woyankhula ndinu, Mzimu amapereka mawu.

Mkulu wa mpingo: Alaliki, musamusenzetse katundu mwanayu. Aroma 8:9 akuti wopanda Mzimu wa Khristu si wake wa Khristu, ndipo 1 Akorinto 12:3 akuti palibe anganene kuti Yesu ndi Ambuye popanda Mzimu Woyera. Ngati mayiwa amakhulupirira, Mzimu ali naye. Pa 12:30 Paulo akufunsa ngati onse amayankhula malilime, yankho lake ndi ayi. Mphatso amagawa Mzimu mwini monga afunira, vesi 11.

Mlaliki wa ku Ndirande: Bambo, mukusakaniza zinthu ziwiri. Kubadwa mwatsopano ndi kwina, ubatizo wa Mzimu ndi wina. Asamariya pa Machitidwe 8 anali atabatizidwa kale m'madzi, koma analandira atafika Petro ndi Yohane. Muyankhe pamenepo!

Katekisiti: Ndimeyo ndi yomwe ife Akatolika timawerenga pophunzitsa Ulimbitso, ndipo malilime sakutchulidwamo. Mzimu timalandira pa Ubatizo, kenaka pa Ulimbitso episkopi amasanjika manja ndi kudzoza pamphumi mafuta a Krisma, omwe sagulitsidwa. Koma amayi, mumapemphera mpingo uti? Munabatizidwa? Langizo lidalira pamenepo.

Mayi wa Mvano: Mafutawo musagule, mwanawe. Simoni wamatsenga anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyi, Petro anamudzudzula koopsa, Machitidwe 8:18-20. Ndipo wina akakuuzani kuti muzibwereza mawu amodzi mothamanga mpaka lilime lipindike, chokanipo. Kumeneko ndi kuphunzitsana phokoso.

Mlaliki wa ku Ndirande: Za mafuta ndavomera. Koma 1 Akorinto 14:39 akuti musaletse malilime, inu m'mipingo mwanu MUNALETSA!

Mkulu wa mpingo: Werenganinso vesi 27 ndi 28 a mutu womwewo. Oyankhula akhale awiri, akachuluka atatu, motsatana, ndipo wina amasulire. Popanda womasulira akhale chete mumpingo. Pa ochezera anuwo anthu 200 amafuula pamodzi, womasulira ali kuti?

Mlaliki wa ku Ndirande: Limenelo ndi pemphero kwa Mulungu, vesi 2, si uthenga kwa mpingo!

Msungichuma wa mlaga: Za K15,000 tsatirani Mateyu 18:15-16. Kambiranani awiriwiri kaye, akakana mutenge mboni imodzi kapena ziwiri.

Mayi wa Mvano: Akukanganawa asiyeni. Tengani kope, mulembe zipatso zisanu ndi zinayi za pa Agalatiya 5:22-23, kuyambira chikondi mpaka kudziletsa. Madzulo aliwonse muziona chomwe chaoneka ndi chomwe chasowa, makamaka pamene mlamu wanu wakuyankhulani zopweteka. Mawu opempherera akakutherani, gwadani chete, Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi mabuulo osaneneka. Mukaonanenso ndi abusa anu masana, nokha, osati pakati pa chigulu usiku.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, mafuta aja sindigula. Nanga zakukwayazi nditani?

Katekisiti: Amayi, ndafunsa kale. Mpingo wanu ndi uti, ndipo munabatizidwa?