Ndabwera ndi yankho pa nkhani ya tuning ndi waranti ya pikapu

Abale anga, masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati kuchita tuning (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke) pa pikapu yanga ya dizilo, kuti izikoka ngolo mosavuta, kungandiphere waranti. Zikomo nonse amene munandilangiza. Ndinapita kwa ogulitsa galimotoyi, ndipo nazi zimene ndamva.

Waranti siifa yonse. Wailesi ikawonongeka, kapena galasi la chitseko likakana kukwera, akonzabe ulere. Nkhani ili pa zimene tuning imakhudza: turbo (chipangizo chopopera mphepo yambiri mu injini), mainjekita, mapistoni, klatchi ndi giyabokosi. Kompyuta ya injini, ija amati ECU, ikauzidwa kuthira mafuta ambiri ndi kukweza mphepo ya turbo, kutentha kumakwera, ndipo giyabokosi imasenza katundu amene sanaipangire.

Chimene chinanditsegula maso ndi ichi. Ndinkaganiza kuti munthu atha kubwezeretsa pulogalamu yoyambirira asanapite kukakonzetsa. Makaniko analumikiza makina ake pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, n'kundionetsa manambala pa sikirini. Anati magalimoto ambiri amasunga chiwerengero cha maulendo amene pulogalamuyo yalembedwa, choncho phazi limatsala. Kunena zoona, mtima wanga sunkafuna zobisa kuyambira pachiyambi.

Kwa inu amene muli ku America, lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa kampani kukana waranti chifukwa chabe choti mwaika chipangizo cha kampani ina. Iyenera kuonetsa kuti chipangizocho ndicho chaononga. Koma pistoni ikasungunuka mu injini yoonjezeredwa mphamvu, umboni suvuta kupeza.

Ine ndaganiza zodikira. Kwatsala miyezi 14 kuti waranti ithe, ndipo pakadali pano ndizichepetsa katundu wa m'ngolo ndi kukwera mitunda pang'onopang'ono.