Chigayo chathu chaimanso

Mlembi: Mwadzuka bwanji abale. Chigayo chaima kuyambira dzulo masana, bearing ya mbali ya lamba yapsanso. Amakaniko akuti tisonkhe tigule ina.

Mayi a ku Ndirande: Tisonkhenso?? Ija tinagula ijayi sinathe ndi mwezi womwe

Achimwene a ku Joni: Alembi tatumizani chithunzi chake tione.

Achimwene a ku Joni: Ndaona. Chitsulo chikafika posanduka buluu chonchi ndiye kuti chinatentha koopsa, anaikhwimitsa mopyola muyezo. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, bearing ya pa sleeve (kachitsulo konga paipi kolowa pakati pa shafuti ndi bearing) ukamamanga nati imakwera n'kumafufuma ndipo kampata ka mkati kamachepa, ndiye umayeza kaye ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera kampata), kumanga pang'ono, kuyezanso, mpaka ufike pomwe buku la bearing yo likunena. Kampata kakatheratu shafuti ikangotentha chitsulo chimasowa kofutukukira, girisi kupsa, basi zathera pomwepo. Ndifunse, natiyo anamanga ndi chani?

Mlembi: Ine ndinaona nyundo ndi tchizulo

Achimwene a ku Joni: Mwamvatu. Pamafunika hook spanner pamenepo, sipanala yokhala ngati ngowe yomangira nati zotere. Ndipo mabawuti a chivundikiro cha housing (kabokosi kokhalamo bearing) samangira mphamvu za m'manja ai, ali ndi nambala yake, bawuti ya saizi M12 ya giredi 8.8 ndi cha m'ma 80 Nm pa torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), kumanga mosinthanitsa uku ndi uku. Girisinso osadzaza thoo, asapyole theka, akachuluka nayenso amatenthetsa.

Msungichuma: Zonsezi bwenzi mutanena kale tisanaononge ndalama achimwene

Achimwene a ku Joni: Ndinanena amayi, pendani mauthenga a m'mbuyomu. Ndinanenanso kuti bearing imodzi yokha ndi imene imatsekeredwa ndi ring, inayo ikhale yomasuka kuti shafuti izitha kutalika ikatentha. Anandiyankha ndani?

Malume a ku Area 25: Ine funso langa ndi limodzi, lisiti la bearing yoyamba lili kuti? Za mjigo zija zinapitanso chomwechi

Msungichuma: Malume chonde za mjigo musaziyambenso, nthawi imeneyo thumba sindinkasunga ine.

Malume a ku Area 25: Nanga amakanikowa anawasankha ndani, si alamu awo a munthu wina muno?

Wapampando: Tiyeni tilemekezane. Kwathu kuno amene amagwirako zigayo ndi omwewo, ena mukawapeza kuti

Mayi a ku Ndirande: Inu mukukangana agogo akusenza chimanga kukagayitsa kutsidya kwa mtsinje, mvula ili pafupi

Achimwene a ku Joni: Torque wrench ndi feeler gauge ndigula ndekha nditumiza pa basi, koma tsiku lomanga mundiimbire pa vidiyo ndizionera, ndipo lamba nayenso amumasuleko pang'ono wakungika kwambiri pachithunzipa. Kupanda kutero ine sindisonkha.

Wapampando: Tikambirana Loweruka.

Malume a ku Area 25: Loweruka lomwelo mubwere ndi lisiti