Zilembo zosatchulidwa m'Chingerezi: pali lamulo kapena n'kungoloweza?

NaPhiri_wa_Tada:
Moni nonse. Mwana wanga wa zaka 9 wayamba kuwerenga timabuku ta Chingerezi mokweza, ine n'kumamvetsera. Khama ali nalo, koma amatchula chilembo chilichonse chimene maso ake aona, monga anazolowera m'Chichewa. Pa knife amayamba ndi k, pa climb amatseka milomo n'kumaliza ndi b womveka bwinobwino, pa listen t samusiya. Ndikamuuza kuti chilembocho achidumphe, amaloza ndi chala n'kufunsa kuti, "Nanga anachilemberanji?" Yankho lakuti ndi mmene zilili basi sakhutira nalo. Kodi pali malamulo oti ndimuphunzitse, kapena liwu lililonse n'loloweza palokha?

Mphunzitsi_Wopuma:
Mayi a Tada, mwanayo wafunsa funso labwino, musamuletse. Zambiri mwa zilembozi kale zinkatchulidwa ndithu. Munthu wa ku London wa m'zaka za m'ma 1300 akanamva mwana wanu akuyamba knife ndi k, sakanaona chachilendo. K ameneyu anayamba kuzimiririka pakamwa m'zaka za m'ma 1600. Chijeremani, chomwe ndi chibale wa Chingerezi, chinamusunga: bondo amati Knie, k n'kumveka. N'chimodzimodzi gh wa mu night ndi light. Linali liwu lokhwekhwereza lapakhosi, lomwe Ajeremani akadali nalo mu Nacht ndi Licht.

Chinachitika n'chakuti pakamwa panapitirira kusintha, pepala n'kutsalira. William Caxton anayambitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ku England, mu 1476, ndipo kuchokera apo kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono. Pofika 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake, mawu ambiri ankalembedwa ngati lero, koma anthu anali atasiya kale kuwatchula mwachikale.

Koma pali gulu lina limene ine limandinyansa, chifukwa zilembo zake sizinatchulidwepo n'kamodzi komwe m'Chingerezi. Debt analowa kuchokera ku Chifalansa ali dette, wopanda b. Anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, pofuna kuonetsa kuti Chilatini amachidziwa, anamuikira b chifukwa cha debitum. Doubt anamuchita zomwezo. Choipitsitsa ndi island: analowetsamo s poganiza kuti ndi mbale wa isle ndi insula ya Chilatini, pamene liwulo ndi la Chingerezi chakale ndipo ubale umenewo palibe. Kudzionetsera kwa anthu ochepa, ana athu akuvutika nako mpaka lero.

Chikondi88:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma mbiri yokha siingamuwerengetse mwana, pepani bambo. Ine ndingati mutenge magulu, limodzi pa nthawi. Kumayambiriro kwa liwu, kn, wr ndi gn chilembo choyamba chimakhala chete: know, knee, write, wrong, gnat. Kumapeto, mb amathera pa m: lamb, comb, thumb, climb. Mn nayenso: autumn, column. T wa mu listen, fasten, castle ndi whistle n'chimodzimodzi, komanso l wa mu walk, talk, calm, half, could ndi should.

Pa mb samalani. Mwana akagwira lamulolo amalipititsa patali, n'kuyamba kumeza b wa mu number ndi timber, pamene iyeyo ngomveka. Mawu ngati climber ndi plumber ndi amene b wake amakhala chete, poti ndi a banja la climb ndi plumb.

Chimene ana amasangalala nacho ndi kuona chilembo chikudzuka. Lembani sign, pansi pake signature. G wogona uja wadzuka. Kenako bomb ndi bombard, muscle ndi muscular, autumn ndi autumnal. Apa mungamuuze moona kuti chilembocho chili ndi ntchito, chikusonyeza kuti mawu awiriwa ndi a banja limodzi.

Sisi_Wa_Usiku:
Ndionjezere a kuchipatala, poti ndi amene ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku: pneumonia, psychiatry, psychology. Anachokera ku Chigiriki, komwe p amatchulidwa, koma Mngerezi lilime lake siliyamba liwu ndi ps kapena pn, ndiye anangomutaya. Ife olankhula Chichewa ps ngwathu, timati kupsa, kupsompsona osaganizira n'komwe, n'chifukwa chake p ameneyu amatuluka yekha osaitanidwa. Mu receipt namonso p ali chete.

Pa ough pokha musataye nthawi kufuna lamulo. Though, through, tough, cough, thought, bough, onsewa amamveka mosiyana. Amenewa ndi oloweza basi, makamaka m'ziganizo osati pamndandanda.

Chinanso achemwali, si zonse zofunika kukonza. Often ena amatchula t, ena satchula, onse akulondola. Herb ku Britain h amamveka, ku America ayi. Koma hour, honest ndi heir h ali chete kulikonse. Mukakayika, madikishonale a pa intaneti ali ndi kabatani koti mudine n'kumva liwulo, nthawi zambiri katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America pambalipambali. Mumupatse foni adine yekha, amve, abwereze. Ndipo akamawerenga nkhani musamuimitse pa liwu lililonse, angadane nako kuwerengako. Sungani awiri kapena atatu, mukambirane akamaliza tsamba.

NaPhiri_wa_Tada:
Zikomo nonse. Za sign ndi signature zamukoma, moti wayamba kusakasaka ena m'buku mwake. Tsopano wabwera ndi Wednesday, akuti d ameneyu akudzuka m'liwu liti?

Mphunzitsi_Wopuma:
Muuzeni kuti amadzuka mu dzina la Woden, mulungu amene Angerezi akale ankamupembedza asanalandire Chikhristu. Wednesday ndi tsiku la Woden, monga Thursday lili tsiku la Thor, mulungu winanso wakale. Potchula angoti wenzdei, koma polemba aziligawa patatu mumtima, Wed-nes-day, kuti d ndi e asamuthawe. Akabwera ndi February mundiitane.