Kodi masamba amene akupha maselo a khansa ya prostate m'labotale angachiritse munthu?

Mlimi wa tiyi, Thyolo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Malume anga awapeza ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo achibale ena akuti ofufuza anaona kuti nimu ndi chammwamba zimapha maselo a khansa imeneyi, kotero palibe chifukwa chowavutitsira ndi ulendo wa ku Queens. Mitengoyi tili nayo pakhomo pomwe. Kodi tingowawiritsira masamba kuti azimwa?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Pepani ndi matendawa, bambo. Kafukufukuyo alipodi, koma timvetse chimene chimachitika m'labotalemo. Ofufuza amaumitsa masamba, kuwasinja, n'kuwaviika mu spiriti wotchedwa methanol kuti mphamvu yake ituluke, kenako amadontheza madziwo pa maselo okulira m'timbale tapulasitiki, monga otchedwa PC-3 amene anachotsedwa m'fupa la wodwala wa zaka 62, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu amawerenga amene afa. M'kambalemo mulibe chiwindi choti chiphwanye mankhwalawo, mulibenso impso zoti ziwataye mumkodzo, ndipo mlingo umene umapha maselo pamenepo kawirikawiri sungafike m'magazi popanda kumuvulaza munthuyo. N'chifukwa chake mankhwala ambiri oyamba bwino chonchi amakagwa akayesedwa pa mbewa ndi pa anthu.

Namwino wopuma pantchito, Luchenza:
Aphunzitsi anena zoona, komabe zomera tisazinyoze. Mankhwala otchedwa Docetaxel, amene madokotala amapereka khansayi ikafalikira, anachokera ku masamba a mtengo wa yew wa ku Ulaya, ndipo anavomerezedwa pa matendawa ku America mu 2004, atayesedwa pa odwala ambiri ndipo mlingo wake utadziwika. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu amasokoneza matenda awiri. Khungwa la mtengo wotchedwa Prunus africana limagwiritsidwa ntchito pa kutupa wamba kwa prostate, kumene kumachititsa abambo achikulire kudzuka kangapo usiku kukataya madzi, koma kutupako si khansa, ndipo mkodzo ukayamba kutuluka bwino sizitanthauza kuti chotupa chaleka kukula. Ndaonapo abambo akubwera atanyamulidwa, msana ukuphwanya, khansa italowa kale m'mafupa. Malume anuwo apite pa tsiku limene anawapatsa, ndipo ngati ayamba kale kumwa zitsamba, muwauze adokotala dzina lake ndi kuchuluka kwake, chifukwa zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala.

Mlimi wa tiyi, Thyolo:
Zikomo kwambiri, mayi ndi aphunzitsi. Chammwamba apitiriza kudya ngati ndiwo, koma ku Queens ndiwaperekeza ndekha, ndipo ndikafunsanso tanthauzo la zotsatira za PSA, kuyeza magazi kokhudza prostate, zimene analemba m'buku lawo la kuchipatala.