Kodi mawu oti BOMA ndi chidule cha Chingerezi?

Wa ku Bangula:
Abale ndithandizeni, kuno tatsutsana mpaka nsima kuzizira. Mwana wa achemwali anga ali fomu 3 wabwera ndi nkhani yoti boma si mawu athu ayi, ati ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Agogo angoseka nkumati iwo chibadwire akati ndikupita ku boma ndiye kuti ku Nsanje kwa a DC basi, kuyambira kale kuja kukutchedwa Port Herald. Zoona ndi ziti apa?

Wa ku Nchalo:
Inenso ndinamva choncho koma ena amati Management osati Military. Zikumveka ndithu, si ngati Sucoma yathuyi, anthu amangotchula osadziwa kuti ndi Sugar Corporation of Malawi, Admarc chimodzimodzi

Wa ku Ngabu:
Achimwene, pomwe mwanena kuti ena Military ena Management mpomwe pakuonetsa kuti chidulecho anthu anachita kupeka pambuyo. Sucoma mukafunsa tanthauzo ndi limodzi lokha ndipo linalembedwa. Boma ndi mawu a Chiswahili, kutanthauza linga kapena mpanda wa mitengo ndi minga wotchingira anthu kapena ziweto, ganizani khola la ng'ombe lomwe timazinga ndi minga kuopa afisi lija. Henry Morton Stanley ankalemba kale mawuwa m'ma 1870 pomwe Angerezi anadzakhazikitsa ulamuliro wawo kuno mu 1891 nthawi ya Harry Johnston. Atsamunda aja ankakhala mkati mwa malinga ndiye munthu akaitanidwa za msonkho ankati ndikupita ku boma, pang'onopang'ono dzina la mpanda linagwera anthu okhala mkatimo, mpaka lero tikuti boma lakweza mtengo wa feteleza. China, ku Tanzania kunali Ajeremani koma nyumba yawo ya ku Bagamoyo mpaka pano amaitchula boma, nanga Mjeremani angakatenge chidule cha Mngerezi?

Wa ku Nchalo:
Koma aphunzitsi mwafika nazo patali kkkk, za Ajeremanizo zandimaliza

Wa ku Bangula:
Mayo ine, vuto ndi loti ine ndinali mbali ya mwanayo ndipo tinabetcherana tambala ndi alamu anga. Ndawawerengera agogo zonsezi angoti nanga ine ndimati chani. Alamu ali panjapa kutentha konseku akuthamangitsa tambala uja kuseri kwa nkhokwe.