Amayi ku Nyumba ya Malamulo: vuto lili kwa ovota, zipani kapena malamulo?

Nachisale wa ku Dedza:
Amayi ndi oposa theka la anthu a dziko lino, ndipo ndi amene amadzaza misonkhano ya ndale atavala nsalu za chipani, akuimba ndi kuvina pa dzuwa mpaka mtsogoleri atafika. Koma pa chisankho cha 2014, pomwe mtsogoleri wa dziko anali mayi Joyce Banda, aphungu aakazi amene adapambana anali 32 okha pa mipando 193, ndipo mu 2019 adangopitirira pang'ono 40. Kampeni ya 50-50, yoti amayi ndi abambo akhale ofanana chiwerengero pa maudindo, tayimva kwa zaka zambiri. Kodi amayi akugwera pati, ndipo kodi si nthawi yoti tiwasungire mipando monga adachitira a ku Rwanda?

Mphunzitsi wopuma, Kasungu:
Mayi Nachisale, ine ndimaona kuti amayi ambiri amagonja dzina lawo lisanafike n'komwe pa pepala lovotera. Pa chisankho cha chipulula, zipani zambiri zimauza nthumwi kuti zifole kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna, poyera, akuluakulu a chipani m'deralo akuyang'ana, ndipo kawirikawiri amene walipira galimoto yobweretsa nthumwizo ndi amenenso mzere wake umatalika. Komanso kwathu kuno phungu amayembekezeredwa kugula bokosi pa maliro alionse, kupereka ufa ndi ndiwo kwa anamfedwa, ndi kutumiza galimoto yonyamula wodwala usiku. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa zinthu pokopa ovota, koma chizolowezicho sichinathe. Bungwe la MEC lidachita bwino kuchepetsa ndalama zolembetsera amayi, komabe ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene kampeni yonse imadya, ndipo amayi amene ali ndi chuma chotere m'dzina lawo ndi owerengeka.

Wophunzira zamalamulo, Zomba:
Zimene mwanenazi ndi zoona, bambo, koma malamulo nawonso ali ndi mbali yake. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, koma silikhudza mipando yochita kuvoteredwa. Mu 2017 bungwe lounika malamulo la Law Commission lidalangiza kuti boma lililonse likhale ndi mpando umodzi wa mayi, kutanthauza mipando 28 yowonjezera, koma mfundoyi siidasanduke lamulo. Ku Rwanda, malamulo a dziko a 2003 amasungira amayi mipando 24 pa 80, ndipo amayi ena amalowa kudzera pa mndandanda wa zipani, mwakuti tsopano ndi oposa 60 pa 100 alionse. Ku South Africa ndi ku Mozambique anthu amavotera chipani, choncho chipani chikaika amayi ambiri pamwamba pa mndandanda wake, amalowa ndithu. Ife timasankha munthu m'modzi pa dera, ndipo chipani chilichonse chimaopa kutaya deralo, n'chifukwa chake chimangothamangira bambo wa ndalama amene chikumudziwa kale.

Nangondo, ndikulemba ndili ku Leeds:
Ine mipando yosungidwayo ndimaikayikira. Ku Tanzania amayi a mipando yapadera amasankhidwa ndi zipani zawo, ndiye amene amamuopa ndi mkulu wa chipani, osati mlimi wa kumudzi, chifukwa alibe dera limene lingawachotse. Mayi Catherine Gotani Hara adakhala sipikala woyamba wamkazi mu 2019 atapambana okha m'dera lawo ku Mzimba, ndipo palibe amene akanawanena kuti adachita kupatsidwa mpando. Chimene ndingakonde ndi lamulo lokakamiza zipani kuimika amayi m'madera amene chipanicho ndi champhamvu, pakuti kuimika mayi kumene mukudziwa kuti chipani chanu sichipambanako ndi kungomutayitsa ndalama.

Nachisale wa ku Dedza:
Mayi Nangondo, mfundo yanu ndaimva, koma lamulo limenelo odzalivomereza ndi aphungu aamuna omwewo amene akukhala m'madera amphamvuwo. Mipando 28 ija sinali kulanda dera la munthu aliyense, koma idakanikabe kudutsa, ndiye lanu lodzawachotsa pa mipando yawo lidzadutsa bwanji?